Volovolo yatsopano yafika ndi zokalika: momwe mungadziwire ngati n'koyenera kuibweza

Amalume anga, amene amaweta ng'ombe kufupi ndi Ngabu, anadikira nthawi yaitali kuti apolisi awalole kukhala ndi mfuti, ndipo atabwera nayo kuchokera ku Blantyre anaitulutsira m'bokosi pakhonde, dzuwa lili paliwombo. Dzuwa la kuno kuchigwa cha Shire silibisa kanthu. Zimene sanazione pansi pa magetsi a m'sitolo zinaonekera poyera: kamzere kozungulira silinda, chitsulo chija chamabowo mmene mumalowa zipolopolo, timwaye takuda kumaso kwa mabowowo, ndi kokalika kotalika ngati chikhadabo pambali pa mpope. M'mawa mwake anandiimbira foni mawu ali m'mwamba, akuti, "Mphwanga, anthu aja andigulitsa yogwirapo kale ntchito." Mtima wotere ngwomveka kwa munthu amene wagulitsa ng'ombe kuti apeze ndalamazo. Koma mfuti si malaya oti mukangoona ulusi watuluka mubwerere nawo kumsika, choncho ndi bwino kuyamba mwadziwa ngati chilemacho chili pakhungu pokha kapena chafika pafupa.

Choyamba, chotsani zipolopolo ndipo musakonze kanthu

Tsegulani silinda, muyang'ane bowo lililonse ndi maso anu, kenaka zipolopolo zonse mukazitsekere m'chipinda china. Ana asakhale pafupi, ndipo mpope uziloza kumene kulibe munthu ngakhale mwatsimikiza kale kuti mfutiyo ilibe kanthu. Musawombe nayo kaye. Musayesenso kufufuta pokalikapo ndi sandipepa kapena waya wokwechera mapoto, chifukwa mukatero wogulitsa adzanena kuti mwawononga ndinu, ndipo adzakhala akunena zoona.

Ipukuteni ndi kansalu kofewa, popeza zambiri zooneka ngati zilema zimakhala girisi wouma wa kufakitale. Zimene zatsala mutapukuta muzijambule ndi foni tsiku lomwelo, pamthunzi powala bwino, chilema chilichonse pachokha. Bokosi, lisiti ndi kabuku ka malangizo musunge pamodzi.

Chachiwiri, yerekezani nambala

Mfuti iliyonse ili ndi nambala yodindidwa pachitsulo cha thupi lake, ndipo nambalayo iyenera kufanana ndendende ndi imene ili pa lisiti ndi pa chiphaso chanu. Ikasiyana ngakhale pa chilembo chimodzi, kapena pamalopo pakaoneka ngati panapalidwa, nkhaniyo si ya maonekedwe ayi, ndi ya apolisi, ndipo muyenera kuwadziwitsa iwo pamodzi ndi wogulitsa mosazengereza.

Chachitatu, zindikirani zizindikiro zimene volovolo imabadwa nazo

Kamzere kamene kanawasowetsa tulo amalume kali ndi chifukwa chake. Pansi pa silinda pali kachitsulo kakang'ono kamene kamalowa m'timipata ta pasilindapo kuti bowo la chipolopolo liime molunjika ndi mpope. Silinda ikamazungulira, kachitsuloka kamakhudza pamwamba pake kasanagwere m'kampata kotsatira, ndiye kamasiya mzere. Amisiri a kufakitale amaizunguza poiyesa, ogula ena amaizunguza m'sitolo, ndipo ngakhale mutaipeza ilibe mzerewo, mudzaupanga nokha sabata isanathe. Volovolo ya Smith & Wesson yotchedwa Model 10, imene mtundu wake unayamba kupangidwa mu 1899 ndipo yagwiritsidwa ntchito ndi apolisi a m'mayiko ambiri, imakhala ndi mzere womwewu. Kubweza mfuti chifukwa cha mzere umenewu kuli ngati kubweza njinga chifukwa matayala ake akhudza dothi.

Timwaye ta kumaso kwa silinda nato si umboni wakuti mfutiyo inali ndi mwini wake kale. Makampani amawomba zipolopolo zingapo poyesa mfuti isanatuluke m'fakitale, nthawi zina m'mabowo ena okha, n'chifukwa chake mungapeze mabowo atatu ali ndi mwaye, ena atatu ali oyera. Chimene chingakukayikitseni ndi kufufuka kwa mtundu kunsonga kwa mpope ndi m'mphepete mwa silinda, malo amene amakhulana ndi chikwama cha mfuti munthu akaiyenda nayo miyezi yambiri, kapena mitu ya masikuluwu yophwanyika ngati wina anamasulapo ndi chida chosayenera. Zimenezo zikusonyeza kuti mwagulitsidwa yakale pamtengo wa yatsopano, ndipo apo muli ndi mlandu weniweni.

Palinso kusiyana pang'ono kwa mtundu, mbali ina kuda bii, ina kuoneka mofiirira. Izi zimachitika chifukwa zitsulo za mbali zosiyanasiyana sizilandira mankhwala mofanana. Chogwirira chathabwa kapena chalabala chosakhala bwinobwino m'mphepete n'chosowetsa mtendere m'maso, koma chimamasulidwa ndi sikuluwu imodzi ndipo wogulitsa angathe kungokusinthirani chimenecho osakhudza mfuti yonse.

Chachinayi, funani tizilema tating'ono timene tili ndi mano

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa zilema zoopsa kawirikawiri ndi zazing'ono kuposa zokalika zija zimene zimakopa maso. Yambani kukamwa kwa mpope, kumene chipolopolo chimatulukira. Mlomo wake uyenera kukhala wozungulira bwino, wopanda pobenthuka kapena pophwanyika, chifukwa mpweya wa wonga ukatuluka mbali imodzi msanga umapotoza chipolopolo. Kokalika kutalika ngati chala pambali pa mpope sikasokoneza kulunjika kwa mfuti, koma kobenthuka ngati njere ya mapira pamlomopo n'kokwanira kubwezera mfuti.

Kenaka, silinda ili chitsegukire, walitsani tochi kumbuyo kwa mpope kumene chipolopolo chimalowera chikachoka m'silinda. Mng'alu uliwonse pamenepo, kapena pachitsulo cha thupi chimene chadutsa pamwamba pa silinda, ndi chifukwa chosawombera mfutiyo ngakhale kamodzi. Kusiyanitsa mng'alu ndi kokalika n'kovuta kwa munthu wosazolowera. Kokalika kamakhala kowongoka ndi kowala mkati, pamene mng'alu umakhotakhota ngati dothi la m'dimba likauma, ndipo umayambira pangodya kapena m'mphepete. Mukakayika, musaganizire nokha, kaonetseni mmisiri wa mfuti.

Yang'ananinso kansonga kolozera kamene kali pamwamba pa mpope kutsogolo. Mpope wa volovolo zambiri umamangidwa pathupi mozunguza ngati bawuti, ndipo ukapitirira kapena kuperewera pang'ono, kansongako kamapendekera kumanja kapena kumanzere. Ambiri amachiyesa chilema cha maonekedwe chabe. Ine ndimachiika pakati pa zobwezera, makamaka pa volovolo imene zolozera zake sizisunthika, chifukwa mfuti imene simenya pamene mwaloza ndi ngozi kwa anthu ndi ziweto zomwe.

Chachisanu, yesani kayendedwe kake

Tsimikizaninso kuti mulibe chipolopolo, kenaka kokerani hamala, kachitsulo kamene kamamenya chipolopolo kuti chiphulike, kumbuyo pang'onopang'ono ndi chala chachikulu, mukumvetsera. Kachitsulo kaja koimitsa silinda kayenera kugwera m'kampata kake hamala isanafike pomaliza. Hamala ili chikokere, yesani kuzunguza silinda ndi dzanja: kugwedera pang'ono kwambiri n'kwachibadwa, koma isazungulire. Chitani zimenezi pa bowo lililonse, asanu kapena asanu ndi limodzi malinga ndi mtundu wake, ndipo hamalayo muziibweza mwaulemu mukuigwirizira. Bowo likaima mosalunjika ndi mpope, chipolopolo chimapalika polowa ndipo tizidutswa take timathamangira m'mbali, kumene kungakhale nkhope ya mnzanu.

Hamala ili chikokere chomwecho, ikankheni pang'ono kutsogolo ndi chala osakhudza chowombera, kachitsulo kaja kokoka ndi chala powomba. Ikagwa yokha, ikani mfutiyo m'bokosi, nkhani yatha, ibwerere.

Pomaliza yang'anani mpata wa pakati pa silinda ndi mpope mutalozetsa kowala. Pa volovolo zambiri mpatawu umakhala pakati pa mamilimita 0.1 ndi 0.25, kutanthauza kukhuthala kwa pepala limodzi kapena awiri a m'kope. Amakanika a njinga zamoto pa Nchalo kapena pa Dyeratu amakhala ndi timalata topyapyala toyezera mavavu, ndipo timalata tomweto ndi timene timayezera mpata umenewu. Bwerekani chidacho mukayezere kunyumba, osati kunyamula mfuti kupita nayo pamsika.

Chachisanu ndi chimodzi, kumbukirani kumene mukukhala

Mtundu wakuda wonyezimira wa mfuti zambiri si penti. Ndi dzimbiri lakuda lochita kupanga dala poviika chitsulo m'mankhwala otentha, limene amisiri amati bluing, ndipo ndi lopyapyala kwambiri kuposa pepala. Palokha silitchinjiriza kwenikweni pokhapokha likhale lopakidwa mafuta. Ndiye kokalika kamene kafika pachitsulo choyera ndi khomo lolowera dzimbiri lofiira.

Kwa munthu wa ku Dedza zimenezi zingatenge nthawi, koma kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, dzanja limakhala lonyowa ndi thukuta la mchere, ndipo mvula ikayamba chinyezi cha m'mbali mwa Shire, ku Elephant Marsh ndi ku Ndindi, chimalowa mpaka m'mabokosi otseka. Amene anaona madzi osefukira a mu Januwale 2015 ndi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 akudziwa mmene zitsulo za m'nyumba zinachitira dzimbiri m'masiku ochepa. Choncho yesani kokalikako ndi chikhadabo: ngati chikhadabo chikudutsa osakodwa ndipo mtundu wakuda ukadalipo, palibe nkhani. Ngati chikukodwa ndipo mkati mukuoneka moyera, mfutiyo idzagwirabe ntchito, koma pamalopo padzafuna kadontho ka mafuta kawirikawiri moyo wake wonse. Masulaninso chogwirira muone pansi pake. Mukapeza timaenje ta dzimbiri pa mfuti imene akuti ndi yatsopano, ndiye kuti inasungidwa ponyowa, ndipo zimenezo n'zoyenera kudandaula. Volovolo ya chitsulo chosachita dzimbiri msanga, chija choyera, imapirira bwino nyengo ya kuno, ngakhale nayonso ikasiyidwa ndi thukuta imachita mawanga.

Chachisanu ndi chiwiri, werengerani mtengo wa kubweza

Chiphaso chanu chimamangidwa pa mfuti imodzi ya nambala imodzi. Wogulitsa akavomera kukusinthirani ndi ina, nambala yasintha, ndipo mapepala a kupolisi ayenera kukonzedwanso musanaitenge. Simungaipatsire kondakitala wa minibasi ngati thumba la mpunga. Muyenera kupita nayo nokha, ilibe zipolopolo, yotsekeredwa m'bokosi, chiphaso chili m'thumba, chifukwa pa Thabwa apolisi angathe kukufunsani musanayambe kukwera phiri. Kwa wochokera ku Nsanje, ulendo wa ku Blantyre ndi wa makilomita oposa 170, ndipo sukhala umodzi wokha. Mfuti zoterezi zimachokera kunja, ndalama zakunja n'zosowa, kotero ina yolowa m'malo ingatenge miyezi, n'kufikanso ndi tizilema take tina, mwinanso kayendedwe kake kosaposa ka imene mwabwezayo. Volovolo imene yapambana mayeso onse a kayendedwe ine sindingaisinthanitse ndi yosadziwika chifukwa cha kokalika.

Chachisanu ndi chitatu, lankhulani ndi wogulitsa molemba

Kaya mwasankha kubweza kapena kusunga, mtumizireni wogulitsa zithunzi zija ndi kalata yaifupi yokhala ndi tsiku logulira, nambala ya lisiti ndi chilema chilichonse pachokha, ndipo musachedwe, chifukwa sabata iliyonse yodutsa imafooketsa mawu anu. Nenani chimene mukufuna. Pa chilema cha pakhungu, pemphani kuchotserako mtengo, kusinthiridwa chogwirira, kapena kupatsidwa mafuta ndi zotsukira mfuti. Pa chilema chokhudza chitetezo kapena kulunjika, pemphani kukonzeredwa ndi mmisiri wovomerezeka, kusinthiridwa, kapena kubwezeredwa ndalama, ndipo mukasiya mfutiyo m'sitolo, akulembereni kalata yosonyeza nambala yake ndi tsiku limene ailandira, kuti apolisi akadzafunsa kumene ili mudzakhale ndi choonetsa.

Wogulitsa akakana pamene chilema chili chenicheni, dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula. Bungweli lakhala likuchenjeza amalonda kuti chikwangwani chonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa sichichotsa ufulu wa munthu amene wagulitsidwa chinthu cholakwika. Komabe musayembekezere kuti kamzere ka pasilinda kangakupambanitseni mlandu kumeneko.

Amalume tinakhala nawo pamkeka pansi pa mtengo wa masau, n'kuyesa bowo lililonse kawirikawiri. Silinda inkatseka bwino paliponse, hamala sinkagwa, mlomo wa mpope unali wosalala, koma chikhadabo chinkakodwa pokalika paja. Anatumiza zithunzi, wogulitsa anavomera kuwapatsa botolo la mafuta a mfuti ndi burashi yotsukira mpope, ndipo ulendo wa ku Blantyre sunafunikenso. Masiku ano akaigwira amaipukuta ndi kansalu ka mafuta asanaibweze m'bokosi lachitsulo lokiya, limene analimangirira pamwamba pakhoma pamene madzi sanafikepo, ndipo saisiya m'chikwama chachikopa usiku chifukwa chikopa chimasunga chinyezi.