Musanagule feteleza, yezetsani kaye dothi lanu

Abale anga, feteleza wadula chonchi ndiye kumangothira mwachimbulimbuli? Ambirife timangodziwa zoti hekitala imodzi ya chimanga imafuna matumba 2 a wokulitsa (NPK) ndi 3 a wobereketsa (urea) basi, koma minda siyofanana ayi, wina dothi lake lili ndi asidi wambiri moti olo athire bwanji NPK, fosifolasi wa mu fetelezayo amangomangika m'dothimo chimanga osamudya, chimangokhala chopinimbira masamba ofiirira ngati chapsa ndi chisanu.

Nthawi yabwino yoyezetsa dothi ndi mukangokolola, cha mu June mpaka August, kuti ngati pakufunika laimu, ufa wochepetsa asidi m'dothi, muthire mvula isanayambe, chifukwa laimu sagwira ntchito tsiku limodzi.

Tengani khasu ndi ndowa yapulasitiki yoyera bwino, osati yomwe munasungiramo feteleza kapena phulusa. Yendani m'munda mokhotakhota, muime malo 15 kapena 20. Paliponse palani zinyalala zapamwamba, kumbani masentimita 20, mushepe dothi m'mbali mwa dzenjelo kuchokera pamwamba mpaka pansi. Apa ndi pomwe anthu amalakwitsa kwambiri: osatenga pachulu, pomwe panali khola, pomwe munawotchera mapesi kapena pansi pa mtengo, malo amenewo amanamiza zotsatira, mudzaganiza munda wonse ndi wachonde pomwe ndi kamalo kamodzi. Ndipo ngati mbali ina ndi mchenga ina ndi katondo, kapena kumtunda ndi kudambo, musasakanize, paliponse payezedwe pakepake.

Sakanizani bwinobwino m'ndowamo, mutapepo theka la kilo, muyanike pamthunzi, kenako muike m'jumbo ndi kapepala kolemba dzina la munda, mbewu yomwe munakolola ndi yomwe mukufuna kudzala. Malabu alipo ku Chitedze ku Lilongwe, ku Bvumbwe ku Thyolo ndi ku Lunyangwa ku Mzuzu, alangizi a m'dera lanu akuthandizani katumizidwe kake.

Zotsatira zikabwera yambani kuona pH, muyeso wa asidi m'dothi. Ikakhala pansi pa 5.5 ndiye kuti asidi wachuluka, laimu ndiye woyamba, kuwonjezera matumba a feteleza n'kutaya ndalama. Zinazo khalani pansi ndi alangizi muwerengetsere limodzi.

Chimanga nacho chimayankhula. Masamba am'munsi akachita chikasu kuyambira kunsonga kutsata mtsempha wapakati, ndi naitrojeni wachepa, wobereketsa asachedwe, pakatha masabata atatu chitamera akhale ali m'dothi. Chikasu chikakhala pamasamba anthete apamwamba ndi safa (S) wachepa, mizere yoyera pamasamba anthete ndi zinki (Zn) wachepa, ndiye chifukwa chake NPK wa 23:10:5+6S+1Zn anamuikamo zimenezi. Mukafuna kutsimikiza, chimanga chikamatulutsa ndevu thyolani tsamba lapachisononkho pa mapesi 20, muike mu envulopu yapepala osati m'jumbo chifukwa amawola, mutumize kulabu. Zotsatirazo sizipulumutsa chimanga cha chaka chino, koma muzisunge, zidzakuuzani chogula chaka chamawa.