Bakapu yanu ija munayesapo kuyatsira kompyuta?

Ambiri mukamva za bakapu mumangoganiza zokopera zithunzi ndi madokyumenti pa external drive basi. Nzabwino ndithu, koma tsiku lomwe disiki ya mkati yagona kompyuta singadzuke ndi zimenezo. Yomwe ndikunena pano ndi ija amati bootable, disiki yonse yakopedwa ndi system yake yomwe, mapulogalamu, maseting'i, mpaka ka partition kobisika kamene kompyuta imayamba kuwerenga ikangoyaka. Kukoka mafoda ndi mausi sikutenga kameneko ayi, pamafunika pulogalamu yopanga clone, kutanthauza kope lenileni la disiki yonse, pa Mac anthu amadalira Carbon Copy Cloner kapena SuperDuper, kwinako kuli Clonezilla yaulere.

Ndiye kayatsidwe kake. Zimitsani kaye kompyuta, drive ilowe pa port ya kompyuta yeniyeniyo osadzera pa hub, ka chipangizo kochulukitsa ma port kaja. Ngati ndi Mac ya Intel, yatsani nkugwira batani la Option osasiya mpaka madisiki aoneke pa sikirini, musankhe yakunjayo. Mac za M1 zomwe zinayamba mu 2020 ndi zotsatira zake zilibe za Option, mumagwira batani la power lomwelo mpaka palembedwe kuti Loading startup options. Zina za Intel zokhala ndi chip ya T2 zimakana dala disiki yakunja, mukuyenera kulowa ndi Command ndi R, mupeze Startup Security Utility nkuloleza, ndipo izi chitani lero makina akadali bwino chifukwa pamafunsa pasiwedi ya admin.

Eni ake a M1 ndikuuzeni zoona, SSD, disiki ya mkati ija, ikaferatu, Mac yanu siyaka ngakhale clone ili bwinobwino, poti chiyambi cha kuyakako chimawerengedwa mkati momwemo. Clone imakupulumutsani system ikasokonekera, osati chitsulo chikapsa.

Pa PC mumadina batani la boot menu mobwereza mukangoyatsa, F12 pa Dell ndi Lenovo, F9 pa HP, Esc pa ma laputopu ambiri a Asus. Linux savuta kuyakira pa USB. Windows ndiye wamakani, clone yake kawirikawiri imathera pa sikirini yolemba INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE, njira yodalirika nkutulutsa disikiyo mkabokosi kake nkuiika mkati mmalo mwa yakufayo. Ngati muli ndi BitLocker, loko ya Windows yotseka disiki, lembani papepala recovery key ya manambala 48 ija, mwina aifuna.

Ikayaka musathamangire kusangalala, clone imafanana ndendende ndi ya mkati moti ena amaganiza kuti yatheka pomwe kompyuta yangoyakira pa disiki yakale ija. Yang'anani ka getsi ka pa drive, kaziphethira nthawi yonse mukutsegula mapulogalamu. Ine ndimasintha wallpaper ya pa clone kukhala yofiira psuu kuti ndisasokonezeke, kungoti mukapanganso clone imabwerera mwakale. Ikamachedwa osadandaula, USB 2.0 imalekezera pa 480 Mbps pomwe USB 3.0, ija kawirikawiri imakhala ya buluu mkati, imafika 5 Gbps, ndipo SSD imathamanga kuposa disiki yozungulira.

Tsegulani imelo, tsegulani fayilo yomwe munagwira posachedwa muone ngati ilimo, kenako zimitsani bwinobwino musanazule chingwe, mukazula ili moyaka mwazula system yonse.