Momwe Mungapezere Malo a Kafukufuku wa Zaumoyo Patchuthi cha Chilimwe ku America

M'mayunivesite ambiri a ku United States, tchuthi cha chilimwe chikayamba, malabotale amalandira ophunzira a digiri yoyamba kuti achite kafukufuku wa zaumoyo ndi zamankhwala kwa masabata 8 mpaka 10, kuyambira cha mu Juni mpaka Ogasiti. Mapulogalamu ambiri amapereka ndalama ndi pogona, ndipo ena adakhazikitsidwa poganizira anthu amene sapezeka kawirikawiri m'ntchito za sayansi, monga akuda, a Hispanic (amene makolo awo adachokera kumayiko olankhula Chisipanishi), mbadwa za mitundu yoyambirira ya dzikolo, olumala, ochokera m'mabanja osauka, komanso amene ndi oyamba m'banja mwawo kufika kuyunivesite.

Ngakhale ntchitoyo ndi ya m'chilimwe, malowo amapezedwa m'nyengo yozizira ya ku America, pakuti masiku otsekera kulandira makalata amakhala kawirikawiri pakati pa Januwale ndi Malichi. Choncho yambani kufufuza mu Okutobala. Onani mndandanda wa REU (Research Experiences for Undergraduates), pulogalamu ya kafukufuku ya ophunzira a digiri yoyamba imene bungwe la boma lothandiza sayansi la National Science Foundation lidayamba mu 1987, onani Summer Internship Program ya National Institutes of Health (NIH), bungwe la boma lofufuza zaumoyo, ku Bethesda, Maryland, ndiponso Leadership Alliance, mgwirizano wa mayunivesite umene udayamba ku Brown University mu 1992, momwe fomu imodzi imafika kumasukulu angapo.

Musanalembe kanthu, werengani mofatsa gawo lonena za oyenera kulowa. Ndalama za REU ndi malo a ku NIH zimafuna nzika za America kapena amene ali ndi chilolezo chokhala m'dzikolo mpaka kalekale, kotero wophunzira wakunja ayang'ane mapulogalamu amene yunivesite imalipira ndi thumba lake. Kuwonjezera apo, Khoti Lalikulu la dzikolo litagamula mu Juni 2023 kuti mtundu wa munthu usamawerengedwe posankha olowa kuyunivesite, mapulogalamu ambiri adasintha malamulo awo. Dalirani zimene zalembedwa chaka chimene mukufunsira malo, osati zimene mnzanu adauzidwa kale.

Chimene chimalemera kwambiri, m'kuwona kwanga, ndi makalata okuchitirani umboni, omwe amakhala awiri nthawi zambiri. Mphunzitsi amene adakuwonani mukuvutika ndi ntchito ya m'labotale ndi kubweranso mawa lake ndi funso angalembe zogwira mtima kuposa pulofesa wotchuka amene amangodziwa giredi yanu. Mupempheni kudakali mwezi wathunthu, mumupatse CV yanu, chikalata cha magiredi ndi masiku otsekera, ndipo mumufunse mwachindunji ngati angathe kulemba kalata yamphamvu. Akazengereza, pitani kwa wina popanda kukhumudwa.

Nkhani yofotokoza za inu mwini isayambe ndi mawu akuti mudakonda sayansi kuyambira muli mwana, chifukwa osankha amawawerenga kambirimbiri. Fotokozani chinthu chimodzi chimene chidakuchitikirani. Mwina mabakiteriya anu sadamere m'mbale pamene a anzanu onse adamera, ndipo mutatsatira sitepe iliyonse mudapeza kuti mudatenthetsa kwambiri kawaya kotengera mabakiteriyawo. Kenaka tchulani ofufuza awiri kapena atatu a pamalopo, mutawerenga ntchito yawo, ndi chifukwa chimene mafunso awo akukukokerani. Ngati simudalowepo m'labotale yofufuzira chifukwa koleji yanu ilibe, kapena chifukwa mumagwira ntchito kuti mulipire sukulu, nenani mosabisa, pakuti mapulogalamu ambiri amafuna anthu oterowo. Funsirani malo angapo, popeza opikisana amakhala ochuluka.

Mukatengedwa, amene adzakuphunzitsani tsiku ndi tsiku nthawi zambiri ndi wophunzira wa PhD kapena wofufuza wachinyamata, osati mkulu wa labotaleyo. Lembani zonse m'kope la labotale tsiku lomwelo, lembani dzina ndi deti pa kabotolo kalikonse, ndipo mukalakwitsa nenani msanga zinthu zodula zisanawonongeke. Masabata 10 ndi ochepa, ndipo si chachilendo kuti zoyesa zina zikanike. Musanachoke, pemphani chilolezo chokawonetsa zotsatira zanu kumisonkhano ya sayansi yolandira ophunzira, monga ABRCMS kapena wa bungwe la SACNAS, ndipo funsani mkulu wa labotaleyo ngati adzakulembereni kalata pamene mudzafunsira maphunziro a PhD kapena a udokotala.