Musanasaine thandizo la boma, werengerani kukwera kwa malipiro

Ntchito yanga ndi yosunga mabuku a ndalama za mabungwe osamalira okalamba, ana ndi anthu aulumali. Chimene ndimaona chikufooketsa mabungwe otere ndi mgwirizano wa zaka zitatu umene ndalama zake zimangokhala pomwepo pamene malipiro a antchito akukwera chaka ndi chaka. Vutoli limathetsedwa bwino musanaike dzina lanu papepala.

Yambani ndi mtengo weniweni wa wantchito mmodzi. Malipiro a pamwezi ndi gawo chabe. Pamwamba pake pali penshoni imene bungwe limasonkha, misonkho ya olemba anthu ntchito, inshuwaransi ya ngozi za pantchito, tchuthi cholipidwa, komanso ndalama za munthu wogwirizira malo mnzake akadwala. Zimenezi zimakwera pazokha. Ku Britain, mu April 2025, msonkho wa National Insurance umene olemba ntchito amalipira unachoka pa 13.8 kufika pa 15 peresenti, ndipo malire oyambira kuulipira anatsika kuchoka pa mapaundi 9,100 kufika pa 5,000 pachaka. Mabungwe ambiri, ngakhale amene sanakweze malipiro a munthu aliyense, anapezeka akulipira zambiri. Choncho mu bajeti yanu chilichonse mwa izi chikhale ndi mzere wakewake, ndipo chaka chachiwiri ndi chachitatu zisafanane ndi choyamba.

Kenako pemphani kuti mumgwirizano mukhale ndime yonena kuti thandizo lizikwera chaka chilichonse. Apa ndi pofunika kuchedwapo. Maboma ambiri akavomera ndime yotere amaimangirira ku kukwera kwa mitengo ya katundu, kapena amangoika nambala imodzi yosasintha. Koma bungwe losamalira anthu siligula katundu wambiri, ndalama zake zambiri zimapita kwa antchito. Tiyerekeze kuti pa ndalama 100 zilizonse, 75 ndi za antchito. Malipiro akakwera ndi 5 peresenti, mukufunika 3.75 yoonjezera. Boma likakupatsani 2, mwatsala ndi dzenje la 1.75, musanawerengere lendi ndi magetsi, ndipo chaka chamawa dzenjelo likukula. Ine ndimalimbikira kuti gawo la malipiro lizitsatira chigamulo cha malipiro chimene malamulo amakukakamizani kutsata, gawo lotsalalo ndilo litsatire mitengo ya katundu.

Wa ku boma akakuuzani kuti zotere sizichitika, mukumbutseni za Australia. Mu 2012 bwalo loona nkhani za antchito la Fair Work Australia linagamula kuti ogwira ntchito zothandiza anthu m'madera, amene ambiri ndi amayi, ankalipidwa mochepa mopanda chilungamo, ndipo linalamula kuti malipiro awo akwere pang'onopang'ono mpaka December 2020. Boma la dzikolo linakhazikitsa thumba lapadera, mwa lamulo, loonjezera ndalama kwa mabungwe amene limawapatsa ntchito kuti akwanitse kulipira. Mfundo yake ndi yomveka: amene walamula ntchito ndi amene ayenera kulipira mtengo wake wonse.

Nanga ngati munasaina kale? Lembani kalata msanga, malipiro atsopano asanayambe. Musalembe zodandaula. Ikani tebulo laling'ono: mtengo wa ola limodzi la ntchito pamene munkasaina, mtengo wake lero, ndi maola amene ndalama zomwezo zingagule tsopano. Pansi pake nenani mosabisa chimene chidzachepe, kaya ndi tsiku limodzi pasabata limene ofesi idzatsekedwe kapena mabanja amene sadzayenderedwanso. Pemphani chimodzi mwa ziwiri: ndalama zoonjezera, kapena chilolezo cholembedwa chochepetsa ntchito imene munalonjeza. Bodi yanu ione kalatayo isanapite, ndipo ngati pali mabungwe ena amene ali pa thandizo lomwelo, tumizani manambala anu pamodzi, chifukwa bungwe limodzi limangouzidwa kuti lisamale ndalama.

Chimodzi chokha ndikupemphani musachite: kutseka dzenjelo ndi maola osalipidwa a antchito anu. Malipoti anu adzaonetsa kuti ntchito yonse inatheka ndi ndalama zochepazo, ndipo boma lidzatenga nambala yomweyo ngati poyambira mgwirizano wotsatira. Ola lililonse loonjezera lilembedwe, lilipidwe, ndipo lioneke mu lipoti.