Turbine ya CO2 itakana kuyenda bwino pa mpweya wamba

Tinali ndi ka turbine (makina a mapiko ozunguzidwa ndi mpweya) kamene tinakapangira mpweya wa carbon dioxide (CO2), koma poti CO2 ndi yodula, tinaganiza zoyamba kukayesa ndi mpweya wamba wa mu kompresa. Tinakazunguza pa liwiro lake lenileni, 30,000 rpm (kuzungulira ka 30,000 pa mphindi). Mphamvu imene kanatulutsa inali yomvetsa chisoni. Ndinatha masiku awiri ndikufufuza ma bearing (mozungulira shafiti) ndi ma seal (zotseka kuti mpweya usatuluke), mpaka kupima ndi geji kampata ka pakati pa nsonga za mapiko ndi chikwama chake. Zonse zinali bwinobwino.

Vuto linali mpweyawo. Pa madigiri 20 a Celsius, phokoso limayenda mamita 343 pa sekondi mu mpweya wamba, koma mu CO2 ndi pafupifupi 267 basi, chifukwa mamolekyulu ake ndi olemera. Ndiye pa kusiyana komweko kwa presha, mpweya wamba umathamanga kwambiri potuluka mu nozzle (kakhomo kopapatiza kolunjikitsa mpweya pa mapiko). Mapiko anali kuutsalira, mpweya n'kumawamenya chopendekera ndi kusiya kutsata msana wake.

Ndinagawa 343 ndi 267, ndinapeza 1.28, n'kukweza liwiro kufika pa 38,500 rpm, nditatsimikiza kaye kuti shafiti ipirira. Nambala ya Mach ya mapiko (liwiro lake poyerekeza ndi la phokoso) inafanana ndi ya mu CO2, ndipo efficiency (gawo la mphamvu ya mpweya limene turbine imasandutsa ntchito) inakwera nthawi yomweyo.

Kanatsala kakusiyana kakang'ono, chifukwa gamma (nambala yosonyeza mmene mpweya umatenthera ukapanikizidwa) ya mpweya wamba ndi 1.4 pomwe ya CO2 ndi pafupifupi 1.29. Ichi liwiro silikonza. Ndinangosintha pang'ono presha yolowera kuti Mach ya pa nozzle igwirizane.