Momwe mungakonzere shotgun kuti slug izilasa pamene mwaloza posaka agwape

M'madera a America monga Ohio, Illinois ndi Iowa, alenje akhala zaka zambiri akusaka agwape ndi shotgun, mfuti yomwe nthawi zambiri imawomba timipira tambirimbiri pakamodzi, chifukwa malamulo akumeneko ankaletsa mfuti zofika kutali kwambiri. M'malo mwa timipira tambirimbiri, amaikamo chipolopolo chimodzi chachikulu chotchedwa slug, chomwe pa mfuti ya 12 gauge (muyeso wa kukula kwa bowo la paipi) chimalemera pafupifupi magalamu 28. Chikalasa bwino, gwape amagwa msanga. Chikalasa m'mimba kapena mwendo, nyamayo imathawa n'kukafera kutchire ikuzunzika. N'chifukwa chake mfuti imakonzedwa nyengo yosaka isanayambe.

Yambani n'kusuzumira m'paipi ya mfuti yopanda chipolopolo. Ngati m'kati ndi mosalala, gulani slug ya mtundu wa Foster ndipo ikani choke (kachitsulo kakukamwa kwa paipi kochepetsa bowo lake) yotseguka kwambiri, yotchedwa cylinder kapena improved cylinder. Ngati muli mizere yopotana, gulani sabot, yomwe imakhala m'chikwama cha pulasitiki chogwira mizereyo kuti chipolopolo chizizungulira. Sabot m'paipi yosalala imauluka mogubuduzika, pomwe Foster m'paipi ya mizere imasiya mtovu wambiri. Werenganinso zolembedwa pa paipi: katiriji (chikwama chokhala ndi onga ndi chipolopolo) ya mainchesi 3 isalowe m'mfuti yopangidwira ya mainchesi 2¾.

Slug zimagulitsidwa zisanuzisanu m'bokosi. Tengani mitundu iwiri kapena itatu, chifukwa mfuti iliyonse ili ndi mtundu womwe imagwirizana nawo. Mukaupeza, gulani wokwanira kukonzera ndi kusakira komwe. Kusintha mtundu ndiye kuyambiranso.

Musanawombe, mangani zonse. Pa mfuti ngati Remington 870 kapena Mossberg 500, paipi imagwidwa ndi chomangira chimodzi chakutsogolo, ndipo chikangokhwefuka pang'ono zipolopolo zimabalalika. Masikuluwu a scope (galasi lolozera lomangidwa pamwamba pa mfuti) nawo akhale olimba. Pakati pa diso ndi scope pakhale masentimita 9 kapena 10, apo ayi mfuti ikabwerera idzakutemani pachikope. Tsekani m'makutu, valani magalasi, ndipo kuseri kwa chandamale kukhale chimulu cha dothi.

Tsopano kagwiridwe, pomwe ambiri amalakwitsa. Slug imayenda pang'onopang'ono poyerekeza ndi chipolopolo cha rifle (mfuti yofika kutali ija), moti mfuti imayamba kudumpha chipolopolo chisanatuluke. Mukangoigoneka pa matumba a mchenga osaigwira kutsogolo, imalasa m'mwamba. Ndiye mukakonza scope motero, tsiku losaka mudzaigwira mwamphamvu ndi manja awiri n'kulasa m'munsi. Choncho tsamiritsani chogwirira chakutsogolo pa thumba, osati paipi, dzanja lamanzere lichigwire n'kumachikokera pansi ndi kumbuyo, tsinde la mfuti likanikize phewa. Gwirani chimodzimodzi ulendo uliwonse. Valaninso chijasi chomwe mudzasakire, poti m'November ndi December ku America kumazizira ndipo chovala chochindikala chimasuntha diso pa scope.

Ikani pepala lalikulu pa mayadi 25, omwe ndi mamita pafupifupi 23. Wombani katatu mukuloza pakati penipeni. Musasinthe kanthu mutawomba kamodzi kokha. Pezani pakati pa mabowo atatuwo, ndipo muyeze kuchokera pamenepo kufika pomwe munaloza.

Ma scope ambiri akalira kamodzi powapotokola amasuntha polasa chipolopolo ndi kota ya inchi pa mayadi 100. Pafupi pamafunika kupotokola kwambiri: inchi imodzi pa mayadi 50 ndi maulendo 8, pa mayadi 25 ndi maulendo 16. Tinene kuti mabowo ali mainchesi 2 kumanzere pa mayadi 25, mupotokola maulendo 32 kulowera kumanja. Ngati mulibe scope koma tizitsulo toyang'anira, sunthani kakumbuyo kulowera komwe mukufuna chipolopolo chipite.

Mukayandikira pakati, sunthirani chandamale pa mayadi 50 ndipo konzani bwinobwino pamenepo. Kwa paipi yosalala, mtunda umenewu ndi wokwanira; kupitirira mayadi 75, Foster imayamba kugwa kwambiri. Wa sabot akonze kuti pa mayadi 50 izilasa pafupifupi mainchesi 2 pamwamba pa malo oloza, kenako atsimikize pa mayadi 100. Osadalira manambala a pa bokosi okha, pepala ndilo likuuzeni. Sankhani tsiku lopanda mphepo, poti slug ndi yonenepa ndipo mphepo yam'mbali imaikankha.

Pumani pakati pa magulu a kuwomba kuti paipi izizire, inunso phewa lipume. Phewa likayamba kuwawa, munthu amatsinzina n'kugwedeza mfuti asanawombe, ndipo mabowo amatsikira pansi. Kuti mudziwe ngati zayamba, mnzanu aziika mwina katiriji yeniyeni mwina yabodza yophunzirira inu osaona. Paipi ikatsika pansi mukuwomba yabodzayo, vuto si scope. Ikani kansalu kochindikala paphewa, kapena bwerani tsiku lina.

Pomaliza chokani pa tebulo. Pachikani mbale yapepala ya masentimita pafupifupi 20, kukula kwa malo a mtima ndi mapapo a gwape, ndipo wombani mutagwada kapena mutatsamira mtengo. Mtunda womwe zipolopolo zonse zikulowa m'mbalemo ndiwo malire anu kutchire. Mukachotsa paipi poitsuka, wombaninso kamodzi kapena kawiri musanapite kokasaka, chifukwa poibwezeretsa imatha kukhala mosiyana pang'ono.