Fayilo yabwera pa imelo: musanaitsegule

Achimwene ena ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg, afunsa: "Ndalandira imelo yoti ndapeza ntchito, muli fayilo ya Word. Nditsegule?"

Musapupulume, achimwene. Yambani mwaona dzina lonse la fayiloyo, likathera ndi .exe kapena .docm, ifufuteni basi. Apo ayi, isungeni pa kompyuta, muiunike kaye ndi Microsoft Defender, pulogalamu ya mu Windows yofufuza mavairasi. Ikatseguka mu Protected View, momwe Word imangokulolani kuwerenga osasintha kanthu, iwerengereni momwemo.

Pamene ambirife timagwera ndi apa: ikati dinani Enable Content kuti zolembedwa zioneke, kanani ndithu. Batani limenelo limadzutsa ma macro, timapulogalamu tobisika tomwe tingalowetse vairasi yoba mapasiwedi anu a kubanki. Kalata yeniyeni ya ntchito sifuna zimenezo.

Mukakayikabe, imbirani kampaniyo pa nambala ya pa webusaiti yawo, osati yolembedwa mu imeloyo.